Kutsitsa galimoto ya banja: msewu wa ku Kachulu uyambe wafunsidwa

M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba mukuoneka galimoto zing'onozing'ono zomwe eni ake azitsitsa kuti thupi lake liyandikire pansi. Zambiri mwa izo ndi za mtundu wa hatchback, zomwe chitseko chake chakumbuyo chimatsegukira m'mwamba pamodzi ndi galasi, monga Toyota Vitz, Honda Fit, Mazda Demio, Nissan March ndi Volkswagen Polo. Galimoto yotere ikatsika, mpata wa pakati pa tayala ndi thupi umachepa, ndipo imaoneka yonyadiritsa ngati ya pa mpikisano.

Komatu galimoto zomwezi ndizo zimanyamula ana kupita kusukulu, odwala kupita kuchipatala, ndiponso banja lonse kupita kumudzi kukagwa maliro kapena kukakhala chinkhoswe. Kwa banja lomwe kwawo ndi pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, ulendo wa kumudziwo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka mumzinda wa Zomba kukafika pa doko la Kachulu, pomwe galimoto imatsala, anthu n'kukwera boti. Msewu umenewu wakhala ukudziwika ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Msewu wotere, pamodzi ndi katundu yemwe banja limanyamula, ndizo ziyenera kulamula ngati galimoto ingatsitsidwe, komanso ndi mamilimita angati.

Ntchito ya sipuling'i pa galimoto

Thupi la galimoto silikhala pa matayala mwachindunji. Pakati pa ziwirizi pali masipuling'i anayi, imodzi pa tayala lililonse, opangidwa ndi waya wokhuthala wachitsulo wopotedwa mozungulira. Sipuling'i ndiyo imasenza kulemera kwa galimoto, ndipo ndiyo imachititsa kuti galimotoyo iime pa msinkhu womwe ili. Tayala likaponda mwala, sipuling'i imafinyika n'kumeza mphamvu ya kugundako kuti isafike kwa anthu okhala m'kati. Ikanakhala yokha, bwenzi ikungopitiriza kunjanja mpaka woyendetsa kulephera kuwongolera. N'chifukwa chake pambali pake pamakhala shock absorber, chitsulo chokhala ndi mafuta m'kati mwake chomwe chimaletsa kunjanjako. Amakaniko amangoti mashock.

Pa galimoto zing'onozing'ono zomwe zatchulidwazi, kutsogolo sipuling'i imavekedwa pa shock n'kukhala chipangizo chimodzi chotchedwa MacPherson strut. Dzinali ndi la katswiri wa ku America, Earle S. MacPherson, ndipo kapangidwe kake kanafala ndi galimoto za Ford Consul ndi Zephyr ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Kumbuyo, matayala awiri amalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi chopingasa chotchedwa torsion beam, ndipo sipuling'i ndi shock zimakhala padera.

Palinso kachipangizo kena komwe ambiri sakadziwa: kamphira kolimba kotchedwa bump stop, komwe kamakhala kumapeto kwa danga lomwe tayala limaloledwa kukwera. Sipuling'i ikafinyika mpaka kufika pamenepo, kamphirako ndiko kamaletsa zitsulo kuwombana. Danga limeneli, la pakati pa pomwe galimoto yaima ndi pomwe kamphira kakugundidwa, ndilo chuma chenicheni cha galimoto yoyenda m'misewu ya zigwembezigwembe. Aliyense wotsitsa galimoto amakhala akugulitsa gawo la danga limeneli.

Zomwe zimasintha galimoto ikatsika

Masipuling'i otsitsira galimoto amakhala aafupi kusiyana ndi omwe galimoto inabwera nawo kuchokera kufakitale, ndipo kawirikawiri amakhala olimbirapo kuti alipirire danga lomwe latayika. Amapangidwa ndi makampani odziwika monga Eibach ndi H&R a ku Germany, komanso Tein, RS-R ndi Tanabe a ku Japan. Ambiri opangidwira galimoto zoyenda m'misewu wamba amatsitsa thupi ndi mamilimita a pakati pa 25 ndi 40, pomwe ena amafika 50 kapena kuposerapo.

Ubwino wake ulipo ndithu. Kulemera kwa galimoto kukayandikira pansi, galimotoyo sipendekeka kwambiri pokhota, ndipo mutu wake suwerama kwambiri woyendetsa akagwira mabuleki mwadzidzidzi. Munthu wokwera msewu wokhotakhota wopita ku Ku Chawe pa phiri la Zomba angamve kuti chiwongolero chikumvera msanga. Pa tala wosalala, kusinthaku kumakoma.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto ikatsika ndi mamilimita 35, danga la tayala nalo limachepa ndi mamilimita omwewo, motero dzenje lomwe kale sipuling'i inkalimeza tsopano limafika pa kamphira, ndipo kugundako kumamveka m'msana mwa aliyense. Mashock akale amayamba kugwira ntchito ali ofinyika kale, komanso akulimbana ndi sipuling'i yolimba kuposa yomwe anapangidwira, choncho amatopa msanga, makamaka ngati anali atayenda kale mtunda wautali ku Japan galimoto isanalowe m'dziko muno. Matayala akutsogolo amapendekekera m'kati kumtunda kwake, zomwe amakaniko amati camber, ndipo kaloza kake, komwe amati toe, nakonso kamasokonekera. Zimenezi zikapanda kukonzedwa, tayala limatha mbali ya m'kati yokha pomwe kunja kukuoneka kwatsopano, ndipo mwini wake amadzazindikira waya atatuluka kale.

Masamu a mpata wa pansi

Galimoto zambiri za mtundu wa Vitz, Fit ndi Demio zimatuluka kufakitale zili ndi mpata wa masentimita pafupifupi 14 kapena 15 kuchoka pansi kufika pa chitsulo chotsikitsitsa, galimotoyo ilibe anthu kapena katundu. Zinapangidwira dziko lomwe misewu yake yambiri ndi yosalala, ndipo ngakhale ku Japan komweko lamulo sililola kuti mpatawu uchepere masentimita 9. Kuno ku Malawi, mwa makilomita oposa 15,000 a misewu yolembedwa m'kaundula wa boma, ya tala siikwana gawo limodzi mwa magawo atatu.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Galimoto ili ndi mpata wa mamilimita 145. Kumpando wakumbuyo kwakhala akuluakulu atatu a makilogalamu 70 aliyense, ndipo m'buti muli thumba la mpunga la makilogalamu 50. Mwa makilogalamu 260 amenewa, pafupifupi 200 akugwera pa matayala akumbuyo, kutanthauza 100 mbali iliyonse. Ngati kumbuyoko kumatsika milimita imodzi pa makilogalamu awiri aliwonse, ndiye kuti kwatsika ndi mamilimita 50, ndipo mpata wotsala cha kumeneko ndi 95. Tsono galimoto yomweyo itsitsidwe ndi mamilimita 35 pogwiritsa ntchito masipuling'i olimbirapo, otsika milimita imodzi pa makilogalamu awiri ndi theka. Ikuyambira pa 110, katundu akuitsitsa ndi 40, kutsala mamilimita 70. Amenewa ndi masentimita 7 okha, ndipo apa galimoto yangoima. Ikamayenda n'kugwera m'dzenje, thupi limatsika kuposa pamenepo.

Masentimita 7 amenewa ayerekezedwe ndi msewu wopita kunyanja. Chigwa cha Chilwa n'chathyathyathya, chili ndi dothi la makande m'malo ambiri, ndipo mitsinje monga Likangala ndi Domasi imatsanulira madzi ake m'nyanjayi. Mvula ikagwa, malole ndi galimoto zazitali zonyamula nsomba ndi mpunga zimakumba ngalande ziwiri momwe matayala amadutsa, pakati n'kutsala mtumbira. Dzuwa likawomba, mtumbirawo umauma n'kulimba ngati njerwa. Galimoto yaing'ono imakakamizika kutsata ngalande zomwezo, matayala ali pansi, mimba ili pa mtumbira. Mvula yoopsa ngati ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Marichi 2023, yomwe inasakaza misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera, imasiya maenje ndi miyala yomwe imatenga nthawi kuti ikonzedwe.

Pansi pa galimoto pali zinthu zosafuna kugundidwa. Kutsogolo kuli sampu, chibekete chomwe chimasunga oyilo wa injini. Pakati pamadutsa paipi ya utsi komanso timapaipi ta mafuta ndi ta mabuleki. Honda Fit ili ndi thanki ya mafuta pansi pa mipando yakutsogolo, pakatikati penipeni pa galimoto, pomwe mtumbira umakhudza. Sampu ikabooka, oyilo amatha msanga, ndipo injini yoyenda popanda oyilo imawonongeka m'mphindi zochepa chabe. Zoterezi zikachitika pafupi ndi Kachulu, zipangizo zokonzera ziyenera kuchokera ku Zomba kapena ku Blantyre, pomwe abale omwe akudikira ku Chisi, kudera la Mfumu Yaikulu Mkumbira, sakudziwa kuti ulendo wathera panjira. Ngati m'galimotomo muli wodwala yemwe wawolotsedwa pa boti kuti athamangire naye ku Zomba Central Hospital, nkhani ya mamilimita imasanduka ya moyo.

M'tauni namonso muli mayeso ake. Mahampu a pafupi ndi sukulu ndi misika, ngalande za pakhomo la mpanda, ndi m'mphepete mwa tala modyeka zimagwira bampala ndi paipi ya utsi. Oyendetsa galimoto zotsika amazolowera kudutsa hampu mopingasa, tayala limodzi panthawi, koma kutero kumawalowetsa mbali ya galimoto zobwera kutsogolo komanso m'njira ya akabaza.

Kuyeza kuyambe, kugula kutsatire

Mwini galimoto angathe kudziwa yankho asanawononge ndalama. Aimike galimoto pa simenti yosalala, matayala ali ndi mpweya wokwanira, anthu ndi katundu alowe monga zimakhalira pa ulendo wa kumudzi. Kenako ayeze ndi tepi kuchoka pansi kufika pa bampala, pa sampu kapena chitsulo chopingasa cha pansi pa injini, ndi pa paipi ya utsi. Pa nambala yochepetsetsa achotsepo mamilimita omwe akufuna kutsitsa. Ngati yotsalayo ikuchepera masentimita 10, galimotoyo izivutika mumsewu wafumbi.

Njira ina ndi yomata kachidutswa ka siponji ya matiresi kokhuthala masentimita atatu kapena anayi pansi pa bampala ndi m'mbali mwa thupi, kutali ndi paipi ya utsi yomwe imatentha, n'kuyenda m'misewu yomwe galimoto imadutsa masiku onse kwa sabata imodzi. Siponji ikakhulika kapena kuthothoka, ndiye kuti galimoto yotsitsidwa ikanagunda pamalo omwewo ndi chitsulo.

Kusankha masipuling'i oyenera

Amene wayeza n'kupeza kuti misewu yake ikulola ayambe ndi nambala ya galimoto, chifukwa dzina lokha silikwanira. Vitz ya zaka za pakati pa 2005 ndi 2010 ili m'mitundu ingapo: KSP90 ya injini ya lita imodzi ya masilinda atatu, SCP90 ya malita 1.3, NCP91 ya malita 1.5, ndi NCP95 yomwe imakoka ndi matayala onse anayi. Chimodzimodzinso Fit: GE6 ndi ya malita 1.3, GE8 ya 1.5, ndipo GP1 ndi ya hybrid, yomwe imanyamula batire lolemera kumbuyo. Kulemera kwa mitunduyi kumasiyana, ndipo masipuling'i ake nawo amasiyana. Nambalayi imapezeka pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa m'chipinda cha injini kapena pa mphuthu ya chitseko, komanso m'mapepala omwe galimoto inabwera nawo. Sipuling'i ya injini yopepuka ikaikidwa pa galimoto ya injini yolemera, mutu umatsika kuposa momwe bokosi lalonjezera.

Chachiwiri ndi kukula kwa katsikidwe. Pa galimoto ya banja, mamilimita 20 mpaka 30 ndiwo malire anzeru. Kupitirira 40 kumafuna mashock aafupi opangidwira msinkhu umenewo, apo ayi shock imagunda pansi pake n'kuyamba kudontha mafuta.

Chachitatu ndi kapotedwe. Masipuling'i ena ali ndi mipata yofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo kulimba kwawo sikusintha. Ena ali ndi mizere yothithikana mbali imodzi ndi yotalikirana mbali inayo. Amenewa amayamba mofewa pa timiyala ting'onoting'ono n'kumalimba katundu akamachuluka, ndipo ndiwo amagwirizana ndi galimoto yomwe lero yanyamula munthu mmodzi, mawa asanu.

Chachinayi ndi umboni wa komwe achokera. Masipuling'i enieni amakhala ndi dzina la kampani ndi nambala zodindidwa pa waya, ndipo akutsogolo ndi akumbuyo amakhala ndi nambala zosiyana. Ku Germany, ogulitsidwa movomerezeka amabwera ndi chikalata chosonyeza mitundu ya galimoto ndi kulemera komwe anayesedwera, mogwirizana ndi mabungwe oyesa galimoto monga TÜV. Wogula afunse chikalata kapena kabuku kotere ndipo ayerekeze kulemera kolembedwamo ndi kwa galimoto yake. Utoto wofiira kapena wabuluu si umboni wa chilichonse, pakuti sipuling'i yakale yodulidwa ikhoza kupakidwa penti n'kuoneka yatsopano. Ogwiritsidwapo kale ntchito ayang'anidwe ngati ali ndi dzimbiri lozama kapena ming'alu, ndipo awiri akutsogolo, chimodzimodzinso awiri akumbuyo, aimikidwe pamodzi kuti aoneke ngati ali ofanana msinkhu. Masipuling'i amasinthidwa onse anayi nthawi imodzi, kuchokera m'bokosi limodzi.

Pa bajeti, mtengo wa masipuling'i ndi gawo chabe. Pafunika kuwerengeranso mashock ngati akale atopa, timphira ta pamwamba pa strut, malipiro a makaniko ndi alayimenti. Popeza zambiri mwa zipangizozi zimaitanitsidwa kuchokera ku South Africa, Japan kapena Dubai ndi ndalama zakunja, sipuling'i imodzi ikathyoka, yolowa m'malo mwake siipezeka tsiku lomwelo.

Kudula ndi kuwotcha

Njira yotsika mtengo yomwe ena amatsata ndi kudula mzere umodzi kapena iwiri ya sipuling'i ndi galayinda, kapena kuitenthetsa ndi moto wa gasi mpaka itafwamphuka. Zonse ziwiri n'zoika moyo pachiswe. Mapeto a sipuling'i anapindidwa mwadala kuti akhale bwino m'mbale yake, ndipo akadulidwa sakhazikikanso. Sipuling'i yofupikitsidwa ingathe kutsala yolendewera tayala likagwera m'dzenje lakuya. Kumbuyo kwa galimoto zotere, komwe sipuling'i imangopanidwa pakati pa thupi ndi chitsulo chopingasa, ikhoza kuchoka pamalo pake kapena kugwa. Kutsogolo, nsonga yodulidwa ingathe kukhula tayala mpaka kuliphulitsa.

Moto nawo umachotsa kulimba komwe chitsulo chinapatsidwa kufakitale. Sipuling'i yowotchedwa imapitiriza kutsika pang'onopang'ono, mbali iliyonse mwa njira yake, kenako imathyoka pomwe panapsapo. Palibe makaniko angalonjeze kuti masipuling'i anayi owotchedwa ndi manja adzakhala ofanana, ndipo galimoto yopendekeka imakokera mbali imodzi pogwira mabuleki.

Kaikidwe kake

Ntchitoyi ndi ya pagalaja yokhala ndi zipangizo zokwanira, koma mwini galimoto amapindula akadziwa zoyenera kuchitika. Asanayambe, makaniko ayeze kuchoka pakati pa gudumu kufika pamlomo wa thupi, pa matayala onse anayi, n'kulemba. Galimoto iimikidwe pamalo olimba ndi osalala, ikwezedwe ndi jeke, kenako ikhazikidwe pa zitsulo zochirikizira. Jeke yokha, njerwa kapena zitsa si zoyenera kudalira munthu ali pansi pa galimoto.

Kutsogolo, tayala likachoka, amamasula kachitsulo kolumikiza strut ndi stabiliser, amachotsa paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS pa zogwirira zake, kenako amamasula mabawuti awiri akuluakulu apansi ndi manati apamwamba. Gudumu lichirikizidwe kuti lisagwere kunja, chifukwa likatero limakoka paipi ya mabuleki komanso lingazule shafiti ya CV joint m'malo mwake.

Gawo loopsa kwambiri limabwera strut itatuluka. Sipuling'i imakhala itafinyidwa ndi mphamvu ya makilogalamu mazana angapo, ndipo nati ya pakati pamwamba ndiyo yokha imaigwira. Natiyi siyenera kumasulidwa sipuling'i isanapanidwe ndi chipangizo chofinyira chotchedwa spring compressor, chogwira mbali ziwiri zoyang'anizana ndipo chomangidwa mosinthanasinthana. Kumanga sipuling'i ndi chingwe kapena waya, kapena kuiponda ndi phazi kwinaku wina akumasula, kwavulaza anthu m'maiko ambiri. Nkhope ndi manja zisakhale kutsogolo kwake.

Strut ili pabenchi, ndi nthawi yabwino yoyesa shock: ikhale yosadontha mafuta, ndipo ikakanikizidwa ndi kukokedwa izikana mofanana ulendo wonse. Kamphira ka bump stop, chovindikira fumbi ndi beringi ya pamwamba ziyang'anidwe. Makampani ena amalangiza kufupikitsa kamphirako kapena kuika kena kakafupi, ndipo malangizo a m'bokosi ndiwo atsatidwe, koma kuchotseratu n'kulakwa. Sipuling'i yatsopano ikhale mbali yoyenera m'mwamba, nsonga yake italowa pa kakhwawa ka m'mbale.

Kumbuyo ntchito imapepuka. Chitsulo chopingasa chimachirikizidwa ndi jeke, mabawuti apansi a mashock amamasulidwa, chitsulocho n'kutsitsidwa pang'onopang'ono mpaka masipuling'i atamasuka, uku makaniko akuonetsetsa kuti mapaipi a mabuleki sakukokeka. Timphira ta pamwamba ndi pansi pa sipuling'i tibwezeretsedwe, chifukwa popanda ito chitsulo chimakhulana ndi chitsulo n'kuyamba dzimbiri.

Mabawuti odutsa m'mabushi a mphira amangidwe komaliza galimoto itakhala pa matayala ake. Akamangidwa ili m'mwamba, mphirayo imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo imang'ambika msanga. Mabawuti onse amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu molingana ndi buku la galimotoyo. Mwachitsanzo, manati a matayala a Vitz amafuna 103 Nm, pomwe a Fit amafuna 108 Nm.

Ntchito itatha

Galimoto ikatsika pa jeke iyendetsedwe pang'onopang'ono, makaniko akumvetsera phokoso lachilendo, ndipo chiwongolero chikhotetsedwe mpaka kumapeto mbali zonse kuti aone ngati tayala silikukhula thupi. Muyeso wa pa matayala anayi ubwerezedwe. Kumanja ndi kumanzere kusasiyane kuposa mamilimita ochepa. Masipuling'i atsopano amakhazikika m'masiku oyambirira, choncho muyesowu uchitikenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mabawuti n'kuyang'anidwanso.

Alayimenti ya pa makina siyenera kudumphidwa. Pa galimoto zambiri zotere, toe yakutsogolo ndiyo imasinthika mosavuta, pomwe camber imafuna mabawuti apadera ikapitirira malire. Kumbuyo, chitsulo chopingasa sichikhala ndi posinthira. Magetsi akutsogolo nawo awongoledwe, chifukwa mutu ndi kumbuyo zikatsika mosiyana, kuwala kumathobwa oyendetsa anzake kapena kumagwera pafupi kwambiri, woyenda pansi ndi wapanjinga n'kuonekera mochedwa. Mwini galimoto aonenso ngati jeke yake ikulowabe pansi tayala litaphwa, kuopa kudzazindikira zimenezi usiku ali pakati pa dambo.

Masipuling'i oyamba asungidwe. Adzafunika galimoto ikamagulitsidwa, kapena banja likakula. Galimoto iliyonse m'dziko muno imayenera kukhala ndi chiphaso cha COF chochokera ku Directorate of Road Traffic and Safety Services chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo sipuling'i yosakhazikika, shock yodontha kapena tayala lokhula thupi ndi zilema zomwe woyesa galimoto sayenera kuzilekerera. Kampani ya inshulansi nayo idziwitsidwe m'kalata za kusinthaku, ndipo yankho lake lisungidwe, kuti pasadzakhale kukanganirana ngozi itachitika. Safunsa anadya phula.

Njira zina kwa opita kunyanja

Ambiri ofuna kutsitsa galimoto amadandaula kuti ikuyendayenda pamsewu, ikupendekeka pokhota ndiponso ikunjanja. Kawirikawiri vuto limakhala mashock otopa, mabushi ong'ambika, matayala osiyana mitundu kapena mpweya wosakwanira. Mashock atsopano a makampani odziwika monga KYB kapena Monroe, mabushi atsopano ndi alayimenti zimabwezeretsa kukhazikika popanda kutaya milimita ngakhale imodzi. Chitsulo chotchinga pansi pa injini chimateteza sampu, ngakhale nacho chimadyako pang'ono mpata.

Eni galimoto ena m'dziko muno amachita zosiyana ndi kutsitsa: amaikweza poika zidutswa zolimba zotchedwa spacer pamwamba pa strut ndi pa masipuling'i akumbuyo. Kukweza ndi mamilimita 20 kapena 30 kumathandiza pa mtumbira, koma nako kumasintha kaimidwe ka matayala ndi ka mashafiti, kumawonjezera kupendekeka pokhota, ndipo kumafuna alayimenti chimodzimodzi. Walira mvula walira matope, kaya wasankha kukwera kapena kutsika.

Galimoto yomwe moyo wake wonse uli pa tala wa m'tauni, yonyamula anthu awiri kapena atatu, ingatsike ndi mamilimita 25 pa masipuling'i enieni ndi mashock abwino, n'kutumikira mwini wake zaka zambiri. Yomwe imayembekezeka kufika pa doko la Kachulu m'mwezi wa Febuluwale itanyamula anthu asanu, n'kubwerako ndi thumba la mpunga, matemba ndi milamba youma, imafuna mpata wonse womwe inabwera nawo kuchokera kufakitale.